Mitolo Iwiri ya Nkhuni

Kepitauni,
Loweruka, kumayambiriro kwa Meyi

Okondedwa achemwali anga a Martina,

Moni wochuluka kwa inu, kwa alamu anga ndi kwa ana onse pakhomopo. Kodi muli bwanji? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kufika kutchalitchi, kapena Misa akumvera pa wailesi? Ine kuno m'thupi ndili bwino. Chifuwa chinandigwira sabata yatha, koma chachoka chokha ndi madzi a mandimu.

Kalatayi ibwera ndi a Rafaelo, aja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno. Anyamuka Lachiwiri, ndipo akaisiya pa golosale ya pa Linthipe paja mumagula sopo. Mwina mudabwa kuti bwanji sindinangoimba foni. Za pafoni ndimazidziwa ine: inu kufuula kuti mukundimva, ine kufuula kuti mukundimva, mwana kulira, tambala kulira, mayunitsi n'kutha tisanayambe nkhani. Iyi ndi nkhani yofuna kukhala pansi.

Kuno nyengo yatembenuka. Dziko lino ndi lachambuyo, achemwali. Kwathu mitengo imayoyola masamba m'chilimwe dzuwa likamaotcha, kuno ikuyoyola pamene mvula ikuyamba. Mvula yakenso ndi yozizira, yobwera chammbali ndi mphepo, yosabzalira kanthu. Masamba amayamba afiira kaye, kenako ukadzuka umangowapeza ali mbwee pabwalo ponse.

Ndikadali kwa abwana omwe aja osamalira kapinga ndi maluwa. Chaka chino apeza ntchito m'sukulu za boma, ndiye ine andiika pa sukulu imodzi ndekha, ndi chokokolera ndi matumba akuda apulasitiki. Ndimasesa kutsogolo, ndikacheuka kumbuyo agwanso ena. Chimene chimandipweteka n'chakuti manyowa onsewa amakawataya kudzala, pamene munda wa amayi wa kumtunda uja ukulira njala. Ndinawauza abwana, iwo anangoseka n'kunena kuti ndiwatumize ku Malawi pa basi.

Misheck, mnzanga uja tinkagona chipinda chimodzi, wapita ku minda ya malalanje kumene ayamba kuthyola. Ankaliza mkonono ngati chigayo ndipo ndinkamutukwana tsiku ndi tsiku, koma lero ndikumusowa. Tsiku limatha osalankhula Chichewa ndi munthu. Dzana ndinadzipeza ndikufunsa ketulo ngati yawira, ndipo ndinadikira yankho.

Misa ya anthu akwathu imachitika kamodzi pa mwezi, kutali, matakisi awiri. Masabata enawa ndimalowa tchalitchi cha pafupi, ndimagwada pamene anzanga agwada, ndimaima pamene aima. Nyimbo zawo sindizidziwa. Munthu amene ndinaimba kwaya ya pa Kasina kuyambira ndili mnyamata, lero ndimangotsegula pakamwa kuti asandione ngati wakunja.

Pa sukulu imene ndikusesayi nawonso ali ndi zawo za nyengo ino. Pa geti amata pepala lokumbutsa makolo kuti ana ayambe kuvala yunifolomu ya nthawi yozizira, kuti kudzakhala msika wa makeke, kuti aliyense abwere kudzaonana ndi mphunzitsi wa mwana wake. Ana akamaweruka, magalimoto amandanda mpaka kumsewu. Ine ndimaima kuseri kwa mpanda ndi chokokolera changa, kuona abambo akunyamulira ana zikwama. Akachoka ndimatola majuzi oiwalika pabwalo, abwinobwino, n'kukawaponya m'bokosi la ku ofesi, ndipo ena satengedwa mpaka teremu kutha.

Tsono ndifike pa chimene ndalembera. Ndi nkhani ya mwana wanga Tamandani, ndi kawindo kamodzi kamene ndimamuonerapo, kamene akufuna kutseka.

Mukudziwa mmene ndinachokera kwawo kwa malemu mkazi wanga Agatha. Titatha zonse za maliro, akuchikazi anandisudzula mwaulemu monga mwa mwambo, palibe anandinyoza. Ndinanyamula khasu, bulangete ndi wailesi. Mwana anatsala kwa eni ake, kwa agogo ake a Magadalena ndi amalume ake a Bonifasio. Sindinatsutse, ndipo lero sindikutsutsa. Inenso ana anuwo ndi mbumba yanga, ndipo alamu anga atati achite nawo chinthu osandiuza ndingafunse kuti ine ndafa kodi.

Koma kusudzula sikuchotsa mwana mumtima, achemwali. Tamandani alibe foni. Ndikafuna kumumva ndimaimbira a Bonifasio, ndipo nthawi zambiri ndimawapeza ali kudimba kapena pa msika. Amandiuza kuti mwana ali bwino, wapita kumjigo, ndiimbenso. Sindikunena kuti amachita dala, munthu ali ndi ntchito zake. Koma mawu a mwana wanga ndinawamva komaliza pa Khirisimasi.

Chimene chandisunga ndi gulu la makolo la pa Watsapu. Inu foni yanu ndi ya mabatani, ndiye ndikufotokozereni. Ahedi a pa sukulu ya Tamandani anasonkhanitsa manambala a makolo onse malo amodzi, kuti akalemba uthenga umodzi aliyense aulandire pa foni yake. Nambala yanga yakale ya kwathu ija ndinaisunga, ndipo ndi imene ndinalembetsa pamene ndinkamuyambitsa mwanayu sitandade wani. Choncho tsiku lina chaka chatha ndinangoona foni yalira, ndalowetsedwa pakati pa makolo a ku Kasina, ine ndili kuno kumapeto a dziko.

Achemwali, simungamvetse mmene ndimadikirira kulira kwa foniyo. Chitsegulireni teremu ino ahedi sakupuma. Akumbutsa kuti chisanu chayamba kutsika m'phiri, ana azibwera atavala juzi, ndipo amene alibe asakhale pakhomo, abwere atafunda chitenje. Akumbutsa kuti kukumba mbatatesi si chifukwa chojombera, ndipo mwana amene adzapezeke akusenza matumba pa Linthipe tsiku la msika, kholo lake lidzaitanidwa. Ndikawerenga zimenezi ndimamva fungo la dothi la kwathu lokumbidwa kumene.

Sabata ina anadandaula za mbuzi. Anthu angoti kukolola n'kumasula ziweto, ndipo mbuzi zadya timitengo tonse timene ana anabzala kuseri kwa zimbudzi. Panabuka mkangano wa tsiku lonse, aliyense kukana kuti mbuzi yake sidya mitengo. Mawa lake anachenjeza anyamata osaka mbewa kuti asayatse moto pafupi ndi nkhalango ya sukulu. Ine ndinaseka ndekha pansi pa mtengo, chifukwa amene anatentha nkhalango ya ansembe kale lija mukuwadziwa, ndipo mmodzi wa iwo lero ali mu komiti.

Pali za phala, kuti banja lililonse lipereke mbale ya chimanga chatsopano ndi soya pang'ono, ndiponso kuti mwana aliyense azibwera ndi kapu yake. Pali za a sitandade eyiti, kuti azifika mmamawa anzawo asanabwere, ndipo makolo asawatume ntchito zolemetsa mpaka mayeso a boma atatha kumapeto kwa mwezi uno. Kudzakhalanso Misa yowapempherera pa mishoni. Tamandani ali m'gulu limenelo. Mwana uja ndinkamubereka pakhosi popita kudimba akulemba mayeso a sitandade eyiti.

Koma chachikulu ndi zithunzi. Ahedi amakonda kujambula, Mulungu awadalitse, ngakhale dzanja lawo limanjenjemera. Akatumiza chithunzi cha ana ali pamzere wa phala, ine ndimasiya chokokolera n'kuyamba kufufuza mutu ndi mutu. Nthawi zina ndimapeza khutu lake lokha kuseri kwa mnzake. Ndimakulitsa chithunzicho ndi zala mpaka nkhope isanduke madonthomadontho, koma ndimadziwa kuti ndi iyeyo.

Kudzera momwemo ndinadziwa kuti watalika kuposa anzake, ndipo pa mpira wamanja amamuika woponya m'golo. Momwemo ndinaona kuti akuvala juzi yobiriwira ija ya mayi ake, atapinda manja. Momwemonso ndinamva kuti pa mayeso oyeserera anali m'gulu la asanu oyambirira. Palibe munthu anandiimbira kundiuza zimenezi. Tsiku limenelo ndinagula fanta n'kumwa ndekha nditakhala pa thumba la masamba.

Tsono ine ndi ulemu wanga wa kwa amayi, uthenga uliwonse wa ahedi ndinkauyankha kuti zamveka. Za mbuzi, zamveka. Za makapu, zamveka. Za kukumba dzenje la zinyalala Loweruka, zamveka, ine ndili kutsidya kwa maiko atatu. Kizito, mnzanga wa kukwaya uja amene amakhala pafupi ndi sukulu, anandiuza kuti anthu andipatsa dzina lakuti a Zamveka. Ndinaseka naye limodzi. Aziseka, bola akudziwa kuti Tamandani ali ndi bambo amene amamva.

Vuto linabwera ndi nkhuni. Ahedi analemba kuti poti kwazizira, phala liziphikidwa molawirira, ndiye mwana aliyense kwawo kuchokere mtolo wa nkhuni. Patapita masiku anatumiza maina a ana amene mitolo yawo yafika. Ndinawerenga kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndinabwerezanso, dzina la Tamandani panalibe.

Mtima wanga unawawa, achemwali. Ndinamuona mwana wanga ataima pamzere ndi kapu yake, anzake akumunena kuti akumwa phala la nkhuni za eni. Ana mumawadziwa pakamwa pawo. Sindinaganize kawiri. Ndinaimbira Kizito n'kumupempha kuti andidulire bulugama m'nkhalango yake akatule kusukulu m'dzina la mwanayo.

Kizito naye ndi Kizito. Munthu ndinamutuma mtolo, iye anamanga chimtolo chakuti njinga inkachita kulira. Pofika pakhitchini ya sukulu sanatule mwakachetechete ayi, anaimba belu la njinga n'kulengeza ndi mawu ake a besi aja kuti nkhunizi zachokera kwa bambo a Tamandani ku Joni. Amayi ophika phala anaimba nthungululu.

Nthungululu isanathe, anatulukira a Falesi, akazi a a Bonifasio, ndi mtolo wawo pamutu. Sikuti anaiwala. Anachedwa chifukwa sabata yonse anali kukumba mbatatesi, galimoto ya ogula ikudikira pamsewu. Mtolo wawo unali wamba, wa nthambi zotola ndi zitsononkho pang'ono, monga wa wina aliyense. Anautula pambali pa chimtolo cha Kizito.

Amayi aja anayamba kuseka, kufunsa ngati Tamandani ali ndi pakamwa pawiri. Wina wopanda nzeru anajambula mitolo iwiriyo ili pamodzi n'kuponya pagulu, kuti makolo ena atengere chitsanzo. Kizito akuti a Falesi anangokutumula nkhata yawo n'kubwerera, ndipo panjira ankapukuta maso ndi chitenje.

Madzulo ake a Bonifasio anatumiza uthenga wa mawu pagulu, kuti kholo lililonse limve. Anafunsa ngati mbumba yawo yasowa mwini. Anafunsa kuti mwanayu akadwala malungo amamubereka ndani kupita kuchipatala, nanga juzi ikang'ambika amasoka ndani. Ananena kuti munthu amene anasudzulidwa bwinobwino asatambasule mkono kuchokera ku Joni kudzavundula mumphika mwa eni, ndipo ngati akuona kuti mwana akuzunzika, njira ya kwa ankhoswe akuidziwa. Sanatchule dzina langa, koma ngakhale mbuzi zija zinadziwa kuti akunena ndani.

Ndinapsa mtima, ndisakunamizeni. Nkhuni ndi nkhuni, zimayaka chimodzimodzi, ndipo phala lake anamwa ana a mudzi wonse kuphatikizapo ana awo. Kodi bambo kutumiza nkhuni kwa mwana wake ndi mlandu? Ndinalemba yankho lalitali lokhala ndi minga, ndinaliwerenga, ndinafufuta. Ndinalembanso lina, ndinafufutanso. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo ine mlomo wanga ukanakaugwera mwana.

Mtima utatsika ndinaona pamene panakhota. Ndikanayamba ndaimbira a Bonifasio, nkhuni za Kizito zikanafikira pakhomo pawo, a Falesi n'kusenzako mtolo wabwino kupita nawo kusukulu, onse tikanatamandidwa. Ine ndinalowera pawindo khomo lilipo. Ndawaimbira kangapo kuti ndipepese, foni imangoitana.

Kenako a Dalton, apampando a komiti ya makolo, analemba kuti gululi lachuluka phokoso. Anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo kuyambira tsopano mwana mmodzi azikhala ndi nambala imodzi, ya munthu amene amagona naye nyumba imodzi ndipo angathe kubwera akaitanidwa. Anati nkhaniyi idzamangidwa pa msonkhano wa makolo Lachisanu, masabata awiri kuchokera pano. Alipo ena amene lamuloli liwakhudza, amayi ogwira ntchito ku Lilongwe ndi abambo ena ali kuno, koma aliyense akudziwa kuti labadwira pa mitolo iwiri ija.

Akandichotsa, achemwali, ndatsala mumdima. Tsiku loyamba mayeso sindidzalidziwa. Chithunzi cha pa Misa yawo sindidzachiona. Zotsatira zikadzatuluka, makolo onse a ku Kasina adzadziwa kumene mwana wanga wasankhidwira, ine ndikusesa masamba osadziwa kanthu. Kubwera sindingathe, mukudziwa za mapepala anga, ndikatuluka dziko lino sindilowanso, ndipo fizi ya kusekondale idzachokera kuti?

Ndiye pempho langa ndi ili. Mugwire nkhuku imodzi mwa zanga zili kwa amayi, yaikazi yonenepa, mupite nayo kwa a Bonifasio Lachisanulo lisanafike. Mukagwade m'malo mwanga kwa iwo ndi kwa a Falesi. Mukawauze kuti ndinalakwa njira, osati mtima. Mukawapemphe kuti akandilankhulire kwa a Dalton nambala yanga itsale mpaka zotsatira zituluke basi, poti mwanayu akuchoka kale pa sukulupo. Ndikulonjeza kuti sindidzalembanso kanthu, ngakhale liwu limodzi. Ndizidzangoona.

Ndalekeza apa, kwayamba kugwa mvula ndipo denga likudontha pa tebulo. Nditsiriza ndikapeza mpata.

Lolemba

Achemwali, zimene ndalemba pamwambazi sindifufuta, pepala ndi lodula ndipo ndikufuna mudziwe mmene zinayendera. Koma nkhuku ija isiyeni iziikira mazira.

Dzulo nditabwera ku Misa ndinapeza mauthenga. A Dalton analemba kuti pofuna kuti msonkhano wa Lachisanu usatalike, poti anthu ali ndi zokolola pabwalo, mabanja amene ali ndi manambala awiri asankhiretu okha. A Bonifasio anayankha mwachidule kuti kwa Tamandani itsale yawo. Ine ndinali ndisanavule n'komwe jekete. Ndili chiwerengere, pansi pake panatuluka timawu tating'ono tachizungu tonena kuti ndachotsedwa.

Zakale zonse zikadalipo pafoni, zithunzi ndi mauthenga, koma chatsopano sichilowa, ndipo malo olembapo atsekedwa. Ndinakhala pabedi ndi jekete langa lonyowa mpaka kunja kunayamba kuda. Sindinaphike. Lero kuntchito foni yakhala chete m'thumba tsiku lonse, ndipo kangapo ndaitulutsa kuganiza kuti yathima.

Sindikwiyira ahedi, sindikwiyira a Dalton. A Bonifasio ndawakwiyira, koma ndi mkwiyo woti ndiumeza, chifukwa mwana wanga amadya m'manja mwawo. Ndikanangovomereza n'kukhala chete, pakanapanda chimene Kizito wandiuza madzulo ano nditamuimbira.

Akuti timawu tachizungu tija anthu ambiri sanatiwerenge, angoona kuti nambala yanga kulibe. Ndiye pa mjigo ndi pa chigayo nkhani yafala yakuti ndatuluka ndekha chifukwa chopsa mtima. Ena awonjezera mchere, akuti ndanena kuti za mwanayo ndasamba m'manja, eni ake aone chochita. Wina wafika ponena kuti ndapeza mkazi kuno ndipo ndi iye wandiletsa. Mkazi wake uti, ine wolankhula ndi ketulo!

Zonena anthu sizindiopsa, andinenapo zambiri. Koma amayi a pa mjigo ndi omwewo ophika phala, ndipo ana awo ndi omwe amakhala desiki imodzi ndi Tamandani. Mawa kapena mkuja wina amuuza pamzere kuti bambo ako akutaya. A Bonifasio sadzamuuza bodza, ndikuwadziwa, koma sadzamukhazikanso pansi kumufotokozera. Mwanayonso ndi wosafunsa, anatengera mayi ake. Adzazisunga mumtima n'kulowa nazo m'chipinda cha mayeso.

Mwana ameneyu anaika mayi ake m'manda ali wamng'ono. Chaka chotsatira anaona bambo ake akutuluka m'mudzi ndi bulangete paphewa, ndipo palibe anamufotokozera chifukwa, poti ana sauzidwa za akuluakulu. Sindikufuna amve kachiwiri kuti ndachoka, popanda munthu womuuza zoona.

Choncho pempho langa lasintha, ndipo latsala limodzi lokha. Kalatayi ikangofika, musadikire Lamulungu. Mukwere kabaza mupite ku Kasina. Musakafikire kusukulu kapena kumudikira panjira, tisabwerezenso za pawindo. Mukafikire pakhomo, mukapereke moni kwa agogo ake ndi amalume ake, mukatenge kashuga m'manja. Za gulu musakatchule, za nkhuni musakatchule, musakapemphe kanthu m'dzina langa. Mukangonena kuti azakhali abwera kudzaona mwana asanalembe mayeso. Zimenezo palibe mwambo umene umaletsa.

Akakupatsani mpata, mukamutenge ngati mukupita kukaona dimba. Mukamuyang'ane m'maso, chifukwa iye adzayang'ana pansi. Mukamuuze kuti bambo ake sanatuluke okha, anachita kuchotsedwa, ndipo sanakwiye naye. Musakanyoze amalume ake pamaso pake, mukangoti akuluakulu anasemphana pang'ono ndipo zidzatha. Mukamuuze kuti za mpira ndinaona, za mayeso oyeserera ndinamva, ndipo tsiku limenelo ndinayenda ngati mfumu mumzinda wa eni.

Akalira musamuletse. Akapanda kulira, akangoti chabwino n'kuyamba kuzula udzu, musachoke msanga, mukhale naye pang'ono. Mukabwerako mundiimbire, ngakhale tizifuulirana, mundiuze mmene anayankhira ndi mmene nkhope yake inaonekera. Musandikometsere.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka mwendo ali m'kathumba kamene a Rafaelo anyamula, azipaka madzulo osati kuwasungira alendo. Moni kwa alamu anga, ndawathokoza pofolera nyumba ya amayi. Moni kwa ana anu onse, mbumba yanga, muwauze kuti amalume awo akadali moyo ndipo amene ajombe kusukulu chifukwa cha mbewa adzaonana nane. Moni kwa amayi aang'ono ndi kwa asuweni athu a kutsidya kwa mtsinje.

Ku Kasina mukapereke moni kwa apongozi anga a Magadalena, mogwada. Kwa a Falesi mukati ndawathokoza chifukwa chosenza mtolo wa mwana wanga. Kwa alamu anga a Bonifasio mukaperekenso moni, moni weniweni, ngakhale polemba mzere uno cholembera chalemera.

Kwa Tamandani musapereke moni wa m'kalata. Mukamugwire dzanja, ndipo musafulumire kulisiya.

Tsalani ndi Mulungu, achemwali, mundikumbukire mukamapemphera korona wanu.

Ndine mlongo wanu,
Vinsenti,
bambo a Tamandani